Malo a Mayi Hadley ku Ellerheim

Mayi Irmgard Hadley ndinawapeza pa foni, monga mmene timawapezera onse. Dzina, nambala ya nyumba ku Tipton, nambala yotsegulira kabokosi ka kiyi, ndiye pansi pake mawu ochepa: zaka 86, amakhala okha, kuwasambitsa, mankhwala, chakudya cham'mawa, mphindi 45. Sindinafune kudziwa zoposa pamenepo. Masiku amenewo ndinkayendera anthu khumi ndi mmodzi patsiku, ndipo nkhope ndinali nditasiya kuloweza. Ndinkaloweza makomo ndi agalu.

Ine ndine Madalo, kwathu ndi ku Ntcheu, ndipo kuno ndinabwera pa viza ya osamalira okalamba. Mayi anga anamwalira nditangokhala miyezi isanu ndi iwiri ku England. Maliro awo ndinaonera pa foni, nditaima pa siteji ku Cape Hill, netiweki ikudukaduka. Adzukulu ali mkati mokwirira, basi inafika, ine n'kukwera. Kuyambira tsiku limenelo mtima wanga unachita dzanzi. Sindikunena kuti ndinali pa chisoni, ayi. Chisoni chimafuna mpata, ndipo ine mpata ndinalibe.

Tsiku loyamba ndinawapeza atakhala patebulo la kukhitchini, pafupi ndi zenera loyang'ana ku ngalande. Anali mayi wamfupi, wa zikhato zikuluzikulu zosayenerana ndi thupi lawo. Tinkalankhulana m'Chingerezi, chawo chija cha ku Tipton chomeza mawu, koma pansi pake pamamveka chinenero china.

"Ndinu wa kuti?" anandifunsa ndikuwapukuta kumsana.

"Ku Malawi."

"Kumudzi kapena m'tauni?"

Palibe mzungu amene anali atandifunsapo zimenezo. Ndinati kumudzi.

"Ndaonera mmene mwafinyira thaulo," anatero. "Inenso ndine wa kumudzi."

Mbiri ya moyo wawo ndinaimva m'zidutswa, pang'ono posamba, pang'ono povala sokosi. Nthawi ikakwana ndinkadula nkhani pakati n'kutuluka, mawa lake iwo n'kuyambira pomwe tinalekera, ngati sindinachoke.

Mudzi wawo unali Ellerheim, m'mbali mwa mtsinje wa Mosel ku Germany. Nyumba zosakwana zana, tchalitchi chimodzi, ndi phiri. Phirilo ndiye linali munda wa aliyense, ndipo mbewu inali imodzi yokha, mpesa wopangira vinyo. Linali lotsetsereka moti wolima mzere wa pamwamba ankaona pakati pa mutu pa mnzake wa mzere wa pansi. Dothi lenileni kunalibe. Inali miyala yakuda yophwatalala ngati masileti a kusukulu, imene imasunga kutentha kwa dzuwa. Mvula ikaikokololera kumunsi, nyengo yozizira akazi ndi ana ankaisenza m'madengu a kumsana n'kuibweza pamwamba.

"Anthu ena amalima munda," ankatero. "Ife tinkaunyamula."

Kholo likamwalira ana ankagawana mizere, ana awo n'kudzagawananso, mpaka banja la Mayi Irmgard linatsala ndi mizere isanu apa, itatu kuseri kwa manda, iwiri pamwamba penipeni pomwe mphesa zake zinali zowawasa. Apo ndinaseka, chifukwa kwathunso munda wa agogo tinaugawana mpaka ndime ya munthu inangotsala yoti nkhuku n'kuidumpha.

Chimene chinandidabwitsa chinali lamulo la belu. Mphesa zikayamba kupsa, phiri lonse linkatsekedwa. Ankaika minga m'tinjira, n'kusankha mlonda, ndipo ngakhale mwini munda sankaloledwa kukaona mizere yake. Tsiku lokolola, mudzi wonse unkaima m'munsi ndi madengu kudikira belu la tchalitchi. Likalira, onse ankakwera limodzi. Mvula ikayamba linkaliranso, onse n'kutsika limodzi, ngakhale dengu litatsala pang'ono kudzaza. Ndinawafunsa kuti n'chifukwa chiyani.

"Chifukwa tinkadziwana," anayankha. "Munthu akatsala yekha paphiri, mzere wake umakula."

Pakhoma la tchalitchi panali mizere yosema, uliwonse ndi chaka chake, yosonyeza pomwe madzi osefukira anafika kuyambira makolo akale. Ana ankadziyeza msinkhu pamenepo. Nkhondo yachiwiri ya padziko lonse ikutha iwo anali ndi zaka zisanu ndi chimodzi, ndipo anakhala masabata atatu m'chipinda cha pansi pa nthaka, pakati pa migolo ya vinyo, pamodzi ndi mabanja anayi ndi mbuzi imodzi. Bambo awo anapita kunkhondo kum'mawa ndipo sanabwerere. Manda awo kulibe, dzina lokha linalembedwa pa mwala wa pabwalo la tchalitchi. Mizere khumi ija inatsala m'manja mwa mayi awo, Katharina Loosen, amene iwo ankawatchula kuti Mutti, ndi mlongo wawo wamng'ono.

Dennis Hadley anabwera pa chikondwerero cha vinyo cha 1958. Anali mnyamata wa ku Tipton amene ankagwira usilikali ku Germany, ndipo anafika pa lole ndi anzake. Kuli vinyo watsopano amene amamwa nyengo imeneyo, wotsekemera ngati thobwa koma wodula miyendo. Dennis sanauzidwe. M'mawa anamupeza atagona pakhomo pawo, chipewa chili m'ngalande, ndipo Mutti anamuthira madzi a m'ndowa. Chaka chotsatira Irmgard anakwatiwa naye. Ukwati Mutti sanapiteko, koma tsiku lonyamuka anaperekeza mwana wawo mpaka pa bwato lowolotsa anthu. Sanamukumbatire. Anangoti, "Pita. Koma kugona udzagona pambali panga."

Ku Tipton anapeza utsi, njerwa zakuda, ndi ngalande yosayenda m'malo mwa mtsinje. Dennis ankagwira ntchito kosungunula zitsulo. Nkhondo inali isanaiwalike, ndipo mayi wina wa pa nyumba nambala 14, amene mwamuna wake anafera komweko, ankawoloka msewu akawaona, kwa zaka khumi ndi chimodzi. Irmgard anasanduka Irma. Chijeremani anachitsekera m'kamwa kuti mwana wawo Isabel asamamenyedwe kusukulu, ndipo mpaka lero Isabel amadziwa mawu atatu okha, awiri mwa iwo otukwana. Anagwira ntchito zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi pa fakitale ya mabawuti ku Smethwick, kenako n'kumagawa chakudya pa sukulu ina mpaka kupuma. Dennis anamwalira mu 2012.

Kwawo anabwererako kanayi kokha. Ulendo womaliza unali wa mu 1979, pa maliro a Mutti. Mwala wa pamanda anasankha okha, n'kuuza wosema kuti alembe mbali imodzi yokha, inayo aisiye. Mlongo wawo anadzagulitsa mizere ija n'kusamukira m'tauni, komwe anakafera. Chimene chinatsala chinali kabuku kamene mudziwo umatumiza chaka chilichonse kwa ana ake okhala kutali: obadwa, omwalira, mmene mphesa zachitira, amene wakonza denga la tchalitchi. Ankakawerenga ndi galasi lokuzira zilembo n'kumandimasulira mzere ndi mzere, n'kumawonjezerapo zawo. Uyu agogo ake anali wakuba, uyu mayi ake ankathira madzi m'vinyo.

Ndipo m'mawa uliwonse, ndikagwada kuwapukuta mapazi, ankanena mawu omwewo. "Ndikafa mukandiike pambali pa Mutti. Malo alipo. Dzina langa lokha ndi limene latsala kulemba."

Mutu wawo unali utayamba kutaya zina. Ankaiwala ngati amwa mankhwala, tsiku lina anaika magalasi m'firiji. Koma izi sanaiwalepo, ndipo sanasinthepo liwu ndi limodzi lomwe. Ndinayang'ana m'fayilo yawo ya pashelefu, ndinapeza zonse, mpaka mtundu wa sopo, koma za Ellerheim munalibe.

Isabel ankabwera Loweruka. Anali mayi wa zaka za m'ma 60, wooneka wotopa, wofika ndi zikwama za zogula n'kuyamba kutaya zakudya zoonongeka asanavule jekete. Loweruka lina ndinamutsatira kukhitchini n'kumuuza zimene mayi ake ankanena.

"Tikudziwa, Madalo," anatero osatembenuka. "Zisiyeni choncho."

Kwa nthawi yoyamba pa chaka chathunthu ndinamva chinthu m'chifuwa, ndipo chinali mkwiyo. Ndinati ana a kuno ndi amenewa, munthu wamkulu akunena komwe akufuna kukagona, iwo akuwerenga madeti a pa yogati. Kwathu mawu otere saponderezedwa. Munthu akhale zaka makumi asanu ku Joni kapena ku Harare, akafa amabwera, ndipo palibe amene amafunsa ngati malo alipo.

Lamlungu titaweruka ku tchalitchi ku Smethwick ndinakokera pambali asisi Esnath. Iwo ndi namwino pa chipatala chachikulu ku Bordesley Green, akhala kuno zaka makumi awiri, ndipo ife obwera kumene timawafunsa zonse.

"Asisi, client wanga wina akufuna akaikidwe kwawo ku Germany, koma daughter wake akungo-ignora."

"Zili mu care plan?"

"Ayi."

"Ndiye usazi-touche, mng'ono wanga. Ife ku ward tima-documenta n'kusiya pomwepo. Visa yako ili m'manja mwa agency, ukudziwa."

"Koma mmodzi wa ife akamwalira kuno, si tonse timathamangathamanga mpaka body ikwere ndege?"

"Ifeyo," anatero asisi Esnath. "Awa ali ndi ma-arrangement awo. Iwe sambitsa munthu, signa, uzipita."

Ndinavomera ndi pakamwa. Mumtima ndinali nditadziika kale kukhala mlendo uja wobwera ndi kalumo kakuthwa. Kuseri kwa kabuku kaja kunali dzina ndi adiresi ya wokalemba, mphunzitsi wopuma ntchito, bambo Thielen. Ndinajambula pa foni. Lachiwiri, pa nthawi yopuma, ndinakhala mu laibulale ya ku Tipton n'kulemba kalata monga mmene munthu angalembere akuluakulu a kumudzi. Ndinati mwana wanu Irmgard, mwana wa malemu Katharina Loosen, wakalamba, ndipo akupempha kuti nthawi yake ikafika mudzamulandire pamalo pake. Foni inamasulira m'Chijeremani. Adiresi yoyankhira ndinaika yawo, chifukwa kunyumba kumene ndimakhala tilipo asanu ndi awiri ndipo makalata amasowa. Iwo sindinawauze. Ndinkafuna yankho likadzabwera ndidzaliike m'manja mwa Isabel, aone kuti si zovuta.

Panapita masabata asanu. Ndinaiwalako, kunena zoona. M'mawa wina wa Novembala ndinatsegula chitseko n'kupeza nyali ya kukhitchini yoyaka, iwo atakhala patebulo ndi zovala zogonera. Patsogolo pawo panali envulopu yong'ambidwa, pepala lotayipa, chithunzi, ndi galasi lija.

"Khalani pansi," anatero.

Ndinakhala, magolovesi ali m'manja. Anandimasulira mzere ndi mzere, ndi mawu omwe aja owerengera kabuku, koma ulendo uno sanawonjezerepo zawo.

Bambo Thielen analemba mwaulemu kwambiri. Anati akukumbukira banja la Loosen, ndipo anasangalala kumva kuti Irmgard akadali moyo. Kenako anafotokoza kuti pa manda a ku Ellerheim, monga m'midzi yambiri ya kumeneko, malo saperekedwa mpaka kalekale. Munthu amagona zaka makumi atatu. Zikatha, ofesi imalembera achibale kufunsa ngati akufuna kuwonjezera nthawi. Kalata yotero inatumizidwa ku Tipton mu 2009, ndipo yankho silinabwere. Chaka chotsatira mwala unachotsedwa, malo anasalazidwa, ndipo tsopano pagona munthu wina. Anawonjezera kuti malo atsopano amaperekedwa kwa okhala m'mudzimo, koma ngati banja likufuna, iye angayese kufunsa akuluakulu. Anaika chithunzi kuti Irmgard aone kuti pamalopo pakusamalidwa bwino.

Ine zoti manda amatha sindinazimvepo chibadwire. Ndinkayesa foni yamasulira molakwika kwinakwake, koma apa wowerenga anali mwini chinenero.

Anayandikitsa galasi pa chithunzicho. Panali mwala woyera wonyezimira, maluwa m'mphika, ndi kandulo ya m'botolo lofiira. Anawerenga dzinalo pang'onopang'ono, kawiri.

"Ameneyu ndi mwana wa ndani?" anafunsa.

"Sindikudziwa, mayi."

"Dzinali si la kwathu." Anaika galasi pansi. "Analemba kalata ndani?"

"Ndine."

Ndinkadikira kuti akalipe kapena alire, ndipo chilichonse mwa ziwirizo ndikanachilandira. Iwo anangopinda pepalalo m'mapindo ake n'kulibwezera mu envulopu.

"Madzi azizira," anatero. "Tiyeni."

Ndinawasambitsa. Anakweza manja pofunika kukweza, anatembenuka pofunika kutembenuka. Nditagwada pa mapazi ndinapukuta chala chilichonse pachokha, kuchedwetsa dala, koma mawu aja sanabwere. M'fayilo ndinalemba kuti adya theka la tositi ndipo amwa mankhwala onse.

Loweruka ndinapeza galimoto ya Isabel ili kale panja. Anandidikira pa mpanda, pafupi ndi mabini, manja ali m'matumba a jekete. Ndinaganiza za viza yanga, ndipo ngakhale pamenepo mantha sanabwere.

"Kalata ya 2009 ija inafika," anatero. "Mayi anali m'chipatala, atathyoka chiuno. Bambo anaitsegula, sanathe kuiwerenga, anaiika m'dirowa kuti mayi akatuluka. Kenako bambo anadwala sitiroko. Ine ndinadzaipeza patapita zaka ziwiri, n'kupita nayo kwa munthu womasulira. Ndinaimba foni kumeneko. Zinali zitatha kale."

"Bwanji simunawauze?"

"Ndiwauze kuti chiyani? Kuti mwala wawo unaphwanyidwa chifukwa mwana wawo sadziwa chinenero chawo?" Anapukuta mphuno ndi kumbuyo kwa dzanja. "Ine ndi bambo tinagwirizana kuti mayi azinena, ife tizivomera. Zaka khumi ndi zitatu akhala akudzuka ndi mawu amenewo."

Ndinati pepani. Mawuwo anatuluka ouma, ngati ndamuponda phazi mu basi.

"Sindikakunenezani ku ofesi," anatero Isabel. "Osamalira abwera ambiri m'nyumba muno. Onse ankangoti inde Irma, inde Irma, akuyang'ana wotchi. Amene munawamvetsera ndinu nokha."

Sananene monditonza, ndipo sananene mondithokoza. Anatsegula buti n'kuyamba kutsitsa zogula.

Ndinkayembekeza kuti mutu wawo, umene unkataya makiyi ndi masiku, utayanso kalatayo, ndipo tsiku lina ndidzagwada pa mapazi n'kumvanso mawu aja. Ndinafika popempherera zimenezo. Koma mutu wa munthu umasankha wokha zotaya. Nkhani za phiri zinatha. Ndikafunsa za belu kapena za madzi osefukira ankangoti, "Ndi kale zimenezo." Ankandifunsa ngati kunja kukuzizira, ngati basi inachedwa, ngati mmene ankachitira makasitomala ena onse khumi. Mphindi 45 zinayamba kukwanira, mpaka kutsalako.

Mu Januwale, Loweruka lina, ndinali kumanga thumba la zinyalala pomwe Isabel ankaika mkaka m'firiji. Mayi Irmgard anali pampando wawo, akuyang'ana ngalande.

"Isabel," anaitana.

"Mayi?"

"Mukandiike kwa bambo ako."

Isabel anaima, chitseko cha firiji chili chotsegula. "Mukutsimikiza? Bambo Thielen aja analemba kuti angayese kufunsa."

"Afunse ndani? Kulibe amene akundidziwa." Anakoka bulangeti pa maondo. "Kwa bambo ako ndi pafupi. Basi imafika."

Anamwalira pa 19 Febuluwale, m'chipatala, ndi chibayo. Ine ndinadziwira pa foni, nditaona kuti pa kotala pasiti eyiti pali dzina lina ndi msewu wina. Thupi lawo linawotchedwa, ndipo phulusa analiika m'manda a Dennis ku Tipton komweko, Lachinayi masana, ine ndili pa shifiti. Isabel ananditumizira chithunzi cha mwalawo. Pansi pa dzina la Dennis analemba kuti Irma Hadley, 1938 mpaka 2025. Za kumene anabadwira sanalembepo, chifukwa mwiniwake anati asalembe.